Kamlatho kozungulira ka njanji kamene ndinapangitsa pa Luchenza

Ana a m'kalasi mwanga kuno ku Thyolo amaidziwa bwino njanji yodutsa pa Luchenza, imene inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Nsanje, koma nditawauza kuti kuli milatho ya njanji imene imatembenuka kuti sitima zapamadzi zidutse, anaseka poyesa kuti ndi nthano. N'chifukwa chake ndinapita kwa mmisiri wina wowotcherera zitsulo pa Luchenza pomwepo, nditatenga zithunzi za mlatho wa ku Goole ku England, umene unatsegulidwa mu 1869 pa mtsinje wa Ouse, kuti andipangire kamlatho kophunzitsira.

Chimene anakhoza kwambiri ndi pakati pake. Mlatho wotere umakhala pa chipilala chimodzi chomangidwa pakati pa mtsinje, ndipo ukatembenuka n'kuloza kumene madzi akupita, umasiya mipata iwiri, uku ndi uku. Iwo anaikapo beringi ndi magiya a njinga yakale, moti kamlatho kotalika ngati mkonoka mwana amakapukusa ndi zala ziwiri zokha. Nditasanjika mwala mbali imodzi kanapendekeka n'kuyamba kukhula pansi, ndipo ana anaona okha chifukwa chake mbali ziwirizi ziyenera kulemera mofanana.

Vuto linali kumapeto. Mlatho weniweni ukabwerera m'malo mwake umakhomedwa ndi zitsulo kuti njanji zilumikizane ndendende, ndipo chizindikiro cholola sitima kudutsa sichiperekedwa zitsulozo zisanagwire. Kanga kanalibe chokhomera chilichonse. Njanji zinkaphonyana pang'ono ngati kamtengo ka machesi, koma zimenezo zinali zokwanira kugwetsera kasitima mu "mtsinje", kalasi yonse ili m'manja.

Nditakabweza sanatsutse. Anangoti, "Aphunzitsi, pamenepo ndiye sindinapaganizire," n'kuwotchererapo tizitsulo tiwiri totsekera mawindo, osandilipiritsanso.

Penti wake ndi wosakhalitsa, ndipo chiperoni cha mu June chitangodutsa dzimbiri linayamba kuonekera m'malo owotcherera. Mphunzitsi wofuna kotere aumirire kuti zokhomera ziikidwe pachiyambi pomwe, ndiponso ayendetsepo kasitima kangapo asanapereke ndalama yotsala.