Kamphepo patatha miyezi 14: liwiro lilipo, vuto ndi pakamwa

Sabata yatha alamu anga a ku Chadiza anandiimbira foni. "Alamu, galu wanga wamkazi wayamba kufuna amuna, ndibwere naye kwa Kamphepo?" Ndinati ayambe adikira. Funso limeneli ndi limene landibweza kudzalemba, poti nditangomugula Kamphepo, galu wanga wosakira, ndinamutamanda kwambiri.

Ndinamutenga kwa woweta wina wa ku Katete ali ndi milungu 8, pamtengo wa K1,800. Anandiuza kuti bambo wake ndi Greyhound, mayi wake ndi galu wakumudzi wodziwa fungo. Kusakaniza kotereku n'kwanzeru. Greyhound amasaka ndi maso ndipo amathamanga pafupifupi makilomita 70 pa ola, pomwe agalu athu ali ndi mphuno, khungu lolimba, komanso amapirira dzuwa ndi nkhupakupa.

Zabwino ndisabise. Ukamuitana amabwera, nkhuku za pakhomo sazigwira, ana amasewera naye. Liwiro ndiye musanene.

Tsiku lina mu Seputembala tinali palupsa kudambo, kalulu anadzambatuka pafupi ndi chulu. Agalu a anzanga anatsala kutali, Kamphepo yekha n'kumupeza. Anamugwira pamsana, ine ndikuthamanga ndi chibonga, mtima uli m'mwamba. Kalulu anangodzipotokola kamodzi, pululu! uyo walowa m'tsekera. Galu anatsala ndi ubweya pakamwa, n'kuima akuyang'anayang'ana, osaika ngakhale mphuno pansi. Ndinati ndi ubwana. Koma zachitika kasanu tsopano, ndipo nchenzi ndiye sayerekeza n'komwe.

Chifukwa chake ndinachidziwa mwangozi. Anang'ambika pantchafu ndi waya waminga, khungu lake ndi lopyapyala ngati la bambo wake, ndipo kusoka ndi mankhwala zinandidyera K450. Adokotala a ziweto kuno ku Chipata anamutukula milomo n'kundionetsa. Nsagwada ya m'munsi ndi yaifupi, mano sakumana, moti kachala kanga kakang'ono kamalowa pakati. Anati chilema chotere chimayenda m'magazi, ndipo chimaonekera kwambiri makolo akakhala pachibale.

Nditafufuza kwa anthu a m'mudzi mwa woweta uja ndinamva kuti mayi wa Kamphepo ndi mwana wa Greyhound yemweyo. Bambo anakwera mwana wake. Ndiye magazi akumudzi amene ndinalipirira ndi gawo limodzi chabe mwa magawo anayi, n'chifukwa chake mphuno palibe. Oweta odziwa amakweretsadi agalu apachibale pofuna kusunga khalidwe linalake, koma amayang'ana pakamwa, miyendo ndi kasakidwe ka makolo onse awiri, ndipo wachilema samubereketsa. Awa anangosankha miyendo yaitali chifukwa ndi imene imakopa ogula.

Masiku ena ndikamuona akuuluka padambo ndimaiwala zonse. Ndikawerengera ndalama, mtima umawawa, chifukwa K2,250 yapita, osawerengera katemera wa chiwewe ndi chakudya, koma kalulu amene wafika mumphika ndi mmodzi yekha, nayenso anamaliza ndi galu wa mnzanga.

Ndinawaimbira bambo oweta agalu aja. Poyamba anakana, kenaka anati, "Pepani achimwene, mudzatenge kagalu kena pa theka la mtengo." Nditafunsa makolo ake, ndi omwewo. Ndinakana n'kupempha kuti andibwezereko K600. Anati akagulitsa soya. Soya anagulitsa kalekale, foni yanga sakuyankhanso.

Alamu ndawauza kuti Kamphepo sakwera galu wa munthu aliyense, ndipo mwezi wamawa ndikukamufula.