Chipatala cha ziweto kumene tinapita ndi Tilipo atatuluka zotupa pamimba

Kagalu kathu dzina lake ndi Tilipo, kamphongo. Tinakatenga mu Januwale kwa m'bale wina wa kwathu ku Mangochi amene amakhala ku Turffontein, kali ndi masabata asanu ndi awiri, nthawi imene mvula ya kuno ku Joni imagwa madzulo aliwonse ndi mabingu ake aja. Patangopita masabata awiri, mwana wanga wamkazi akusewera nako pakhonde anakagadamiza, n'kufuula kuti, "Ababa, bwerani mudzaone, Tilipo ali ndi zilonda!"

Nditayang'ana, mtima unandigunda. Pamimba ponse panali tinthu totupa, koma tosafanana. Tina tinandandana mizere iwiri ngati njere za mapira. Pakati penipeni panali chotupa chofewa, kukula kwake ngati nzama. Cha m'mphechepeche munali tiziphuphu ta mitu yoyera, ndipo m'nthiti cha kumunsi munali zotupa zitatu zolimba, zofiira, zomwe kagaluko kankangonyambita. Bambo wina woyandikana nafe kuno ku Rosettenville anati ndi mphere, ndipake oyilo wakutha wa galimoto. Mayi a kunyumba anakanitsitsa, ndipo ndimawathokoza mpaka lero, chifukwa oyiloyo amaotcha khungu, komanso galu akanyambita ndi poizoni.

Loweruka m'mawa ndinaika Tilipo m'katoni n'kukwera naye takisi kupita ku chipatala cha ziweto cha bungwe lina losamalira nyama, kumwera kwa tawuni konkuno. Ndiyambe ndi chomwe chinandiwawa. Ndinafika 8 koloko, ndinalowa kwa dokotala cha m'ma 11. Benchi ndi imodzi, enafe tinaima padzuwa. Amene ali ndi ganyu masana asapiteko akuganiza kuti abwerako msanga. Komabe pamzere pomwepo mnyamata wina wogwira ntchito pamenepo anayendera tonse amene tinali ndi ana agalu, kutiuza kuti tisawatsitse pansi, chifukwa matenda a parvo, amene anthu kuno amawatcha cat flu, amakhalitsa m'dothi miyezi yambiri ndipo amapha tiagalu tosabayitsa katemera. Pamenepo ndinaona kuti anthuwa ntchito yawo amaikonda.

Dokotala wake anali mayi wachitsikana, wophunzira ku Onderstepoort, kumpoto kwa Pretoria, kumene a vetenale a dziko lino amaphunzirira. Chizungu changa ndi cha kuntchito basi, iwo anazindikira, nayamba kulankhula pang'onopang'ono. Ine ndinkayembekeza jakisoni ndi bilu. Iwo anagoneka Tilipo chagada patebulo, anagwira chala changa, n'kuyamba kuchiyendetsa pa chotupa chilichonse.

Mizere iwiri ija ndi mawere. Ndinati, "Adokotala, komatu ndi wamphongo." Anati ngakhale amphongo amakhala nawo, kawirikawiri asanu ndi atatu mpaka khumi, ndipo alipo anthu amene amawazula ndi zikhadabo poganiza kuti ndi nkhupakupa. Nkhupakupa ukaiyang'anitsitsa umaona timiyendo pafupi ndi khungu, bere lilibe, ndipo limakhala ndi linzake mbali inayo.

Chofewa chija chinali pamchombo. Anandiuza kuti ndikanikize pang'ono, ndipo chinalowa m'kati, nditachotsa chala chinatulukanso. Kabowo ka pamchombo sikanatsekeke bwino, ndiye mafuta a m'mimba amasuzumira pamenepo, monga zimachitikira ndi makanda ena a anthu. Kakakhala kakang'ono nthawi zina kamatsekeka kokha galu akamafika miyezi isanu ndi umodzi, ndipo kakapanda kutero amasoka tsiku lomufula. Chimene anandichenjeza kawiri konse n'chakuti chotupacho chikadzalimba, kutentha, kukana kubwerera m'kati, galu n'kumasanza, ndisadikire kuti kuche, chifukwa mwina thumbo lapanikizika.

Tiziphuphu toyera tija anati n'tofala pa ana agalu, timabwera ndi mabakiteriya pakhungu lopanda ubweya, makamaka galu akamagona ponyowa. Anandipatsa mankhwala osambitsira a chlorhexidine.

Tsopano zitatu zolimba zija. Dokotala anameta ubweya pang'ono n'kundionetsa kabowo kakang'ono pamwamba pa chotupa chilichonse, ngati pobaya singano. Anapakapo Vaseline wambiri, tinadikira kanthawi, ndipo pakabowo panayamba kugwedezeka kanthu. Anafinya m'mbali mofatsa ndi zala ziwiri, kanthuko kanatumphuka n'kugwera pathonje, koyera, konenepa, kakupindikapindika.

Mphutsi! Ndinadabwa kuti sindinazizindikire, poti ndinakula nazo. Nyengo ya mango kwathu amayi sankalola kuti tivale chovala choyanikidwa panja chisanapite pansi pa ayironi ya makala, makamaka matewera a mng'ono wanga. Ndinawauza adokotala kuti kwathu timati mphutsi, iwo anati kuno amati putzi fly kapena mango fly, ndipo tinamvana nthawi yomweyo. Chomwe sindinkadziwa n'chakuti ntchentcheyo siikira mazira pathupi. Imaikira pamchenga wa pamthunzi pomwe pali fungo la mkodzo kapena chimbudzi, kapenanso pansalu yonyowa. Mazira akaswa, timphutsi timadikira chamoyo chodzagona pamenepo, n'kuboola khungu. M'kati zimakula kwa masiku 8 mpaka 12, kenako zimatuluka zokha n'kugwera m'dothi kukasanduka ntchentche. Kabowo kaja ndi kopumira, n'chifukwa chake Vaseline amazikakamiza kutuluka. Anati chachikulu ndisamafinye mwankhanza, chifukwa mphutsi ikaphulikira m'kati bala limatukusira ndi kuchita mafinya.

Tilipo ankagona masana onse pamchenga pansi pa mtengo wa pichesi kuseri kwa chipinda chathu, pomwe agalu a eni nyumba amakodza. Nkhani yonse inali pamenepo.

Anamubaya katemera wa matenda asanu, anamumwetsa mankhwala a njoka za m'mimba, ndipo analemba pakhadi tsiku lodzabayitsa wa chiwewe akakwana miyezi itatu. Kuno ku South Africa katemera wa chiwewe ndi lamulo kwa galu ndi mphaka aliyense, si zongofuna. Zonse pamodzi ndinalipira R350. Anayamba andifunsa kaye ndalama zomwe ndimalandira pamwezi, chifukwa malowa anakhazikitsira anthu opeza movutikira. Pa zimene ndinaphunzira m'mphindi makumi awiri zija, ndalamayo sindinaimve kuwawa.

China chimene ayenera kukonza ndi pazenera lotengera mankhwala. Amene anali pamenepo anangondiponyera botolo, malangizo atalembedwa ndi dzanja mothamanga, osawerengeka. Ndinachita kubwerera kukagogoda kwa dokotala kuti ndidziwe kuti mankhwalawo ndisungunule ndi madzi ochuluka bwanji. Munthu wamanyazi akanangopita, n'kukapaka osasungunula. Anzanga a Chichewa amene mupiteko, musachoke pazenerapo musanamvetse, funsani ngakhale katatu.

Kodi ndingawatumizeko anthu? Eya, ndi mtima wonse, bola mulawirire, munyamule madzi akumwa ndi katoni.

Nditafika kunyumba ndinachotsa mchenga wonse uja ndi fosholo n'kuutaya, ndinayala matabwa, ndipo bulangete la Tilipo tsopano limachapidwa ndi madzi otentha n'kusitidwa ngati malaya a kutchalitchi. Patapita masiku anayi tinapeza chotupa china pakati pa zala za mwendo wakutsogolo, kabowo kake kakuoneka bwinobwino. Mwana wanga anaunikira ndi tochi ya pafoni, mayi ake anagwira mutu wa galu, ine ndinapaka Vaseline n'kudikira monga anandionetsera. Inatuluka yonse yathunthu. Tiziphuphu tija tinauma sabata isanathe. Cha pamchombo chikadalipo, chofewabe, ndipo ndimachikanikiza ndi chala m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito.