Matimati Kapena Mapiritsi: Abambo Oopa Khansa ya Prostate Asankhe Chiyani?

Thupi likamagwiritsa ntchito mpweya wa okosijeni pamatuluka tizinthu towononga maselo, ndipo akatswiri amakhulupirira kuti kuwonongekaku kumathandizira khansa ya prostate, kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo. Ma antioxidant, omwe amapezeka m'zakudya komanso m'mapiritsi ena a mavitamini, amalimbana ndi tizinthuti, koma kumene munthu akuwapeza n'kofunika.

Matimati ndi masamba a kumsika wa Lizulu n'zotsika mtengo, pomwe mapiritsi a kufamase amadula. Matimati ophikidwa ndi mafuta pang'ono amapatsa thupi mosavuta lycopene, antioxidant yofiiritsa matimati, ngakhale umboni woti amateteza ku khansayi sunakhwime. Mapiritsi ndiwo amandidetsa nkhawa: kafukufuku wa SELECT, wa abambo oposa 35,000, anapeza mu 2011 kuti mapiritsi a vitamini E anakweza chiopsezo cha khansayi ndi 17 peresenti, ndipo a selenium (mchere wina wofunika m'thupi) sanathandize.

Ndiwo zamasamba zimayenera bambo aliyense. Mapiritsi ndi a okhawo amene adokotala awalembera.