Ofesi ya loya imene inatiyendetsera zogula nyumba ku Stoke-on-Trent, ku England, nyenyezi zitatu

Ndakhala ndikuzengereza kulemba chifukwa mtima unali usanatsike, koma pano tatha miyezi iwiri tili m'nyumbamo ndiye ndilembe kuti anzathu amene mukusunga dipoziti mumveko. Ine ndikupereka nyenyezi zitatu, madam akuti zinayi, pamenepo sitinagwirizane mpaka lero.

Tinachita kusankha dala ofesi yapafupi. Ejenti amene ankagulitsa nyumbayo ankatikankhira kwa maloya awo a pa intaneti aja, kuimba kawiri tsiku limodzi, chonsecho papepala lawo lomwelo pamunsi analemba timalemba ting'onoting'ono kuti iwo amadyapo akatumiza kasitomala kumeneko. Ine ndinati ayi, ndikufuna munthu woti ndikaweruka naiti ndikhoza kukamugogodera pachitseko. Kaofesi kake ndi kakang'ono, pamwamba pa shopu, mphindi khumi pa basi kuchokera pomwe tinkachita lendi. Ndinaona pa SRA, bungwe loyang'anira maloya kuno, kuti ndi olembetsedwa, chizindikiro cha CQS cha maloya ovomerezeka pa zogula ndi kugulitsa nyumba ali nacho, a banki yathu anati ali pa mndandanda wa maloya amene iwo amawavomereza. Mtengo £1,150 osawerengera VAT ndi masechi (kufufuza za nyumbayo ndi malo ake kumaofesi), si otchipa koma mukudziwa kale mmene ikuyendera masiku ano.

Loya mwini wake ndi mayi wachikulire, koma miyezi iwiri yoyambirira sitinawaone n'komwe, amene ankagwira fayilo yathu ndi kamnyamata kena ka muofesimo ndipo vuto langa lonse lili pa iyeyu. Foni sayankha, imelo amayankha patatha masiku anayi ndi mzere umodzi. Pa nkhani ya komwe ndalama zachokera ndiye anatizunza. Ndikumvetsa kuti lamulo limawakakamiza kufufuza, sindikukana, koma kafunsidwe kake. Mu sitetimenti yanga munali ndalama za chipereganyu chathu, tilipo anthu 8 tonse ogwira ntchito m'chipatala ndi m'makeya (nyumba zosamalira okalamba), aliyense amaponya £250 pamwezi, ndiye ikakhala nthawi yako zimalowa zambiri pakamodzi. Ndinamufotokozera bwinobwino, iye n'kumwetulira monyoza kuti ndiye anthu amangokupatsani ndalama chabe eti, uku akuyang'ana mnzake wa pa desiki ina. Madam anandigwira bondo kuti ndisayankhe. Tsiku lomwelo anandifunsanso za ndalama zimene ndimatumiza pa Mukuru mwezi uliwonse, ndipo ndinamuuza ndi pakamwa panga kuti zina ndi za mayi anga, zina ndi zokonzera denga la nyumba yanga ku Lilongwe. Nyumba yanga. Anamva, analemba kenakake, anapitirira. Mugwire mfundo imeneyi.

Sabata ya 9 anatiitana kuti tikasayine mapepala a Lifetime ISA, akaunti yosungiramo ndalama zogulira nyumba yoyamba imene boma limawonjezerapo bonasi, kuti ndalama zituluke, exchange (kusinthana makontrakiti ndi wogulitsa) ichitike sabata yotsatira. Linali Lachiwiri, ndinali nditangotuluka shifiti ya usiku, maso ofiira. Ulendo umenewu anatilandira mayi aja. Anakhala pansi, kuvala magalasi, n'kuyamba kuwerenga fomu mokweza mzere ndi mzere, chinthu chimene mnyamata uja sanachitepo. Atafika pa mawu akuti sindinakhalepo ndi nyumba kwina kulikonse padziko lapansi anaima, n'kundiyang'ana, n'kufunsa kuti bambo, kwanu ku Malawi muli ndi nyumba kapena munasiyiridwapo nyumba? Ine mosaganiza n'komwe ndinati eya, kanyumba ka zipinda zitatu ku Area 36, ndinamanga mu 2016 ndisanabwere kuno, mukukhala mayi anga ndi ana a mlongo wanga. Anafunsa kuti mapepala ali m'dzina la ndani. Ndinati langa. Anavula magalasi aja n'kutseka fayilo.

Abale, zimene zinatsatira ndinazimva ngati ndili m'madzi. Akuti kwa HMRC, bungwe la misonkho kuno, first-time buyer ndi munthu amene sanakhalepo ndi nyumba paliponse, kaya ku London kaya ku Area 36, kaya unagula kaya unasiyiridwa ndi makolo, zilibe kanthu kuti iweyo sukhalamo. Ndipo mukamagula awiri, nonse mukhale oyamba, mmodzi akaphonya ndiye kuti mwaphonya nonse. Ife nyumba yathu ndi ya £185,000, tinkadziwa kuti stamp duty, msonkho wogulira nyumba, sitilipira chifukwa oyamba kugula salipira mpaka £300,000. Tsopano tinagwera ku gulu la wina aliyense, kumene kuyambira pa 1 Epulo 2025 malire osalipira anatsika kuchoka pa £250,000 kufika pa £125,000, ndiye 2% ya £60,000 yotsalayo, £1,200. Ndinati chabwino tipirira. Mayi aja anati sindinamalize. Lifetime ISA yanga sindingagulire nyumba chifukwa lamulo lake ndi lomwelo, ndikafuna kutulutsa andidula 25%. Ndinaikamo £8,000 m'zaka ziwiri, boma linawonjezera £2,000, ndiye pa £10,000 andipatsa £7,500, kutanthauza kuti bonasi yonse yapita kuphatikizapo £500 ya thukuta langa. Kenako chachikulu, akuti popeza nyumba ya ku Lilongwe sindikugulitsa, iyi ikhoza kuwerengedwa ngati yachiwiri, ndipo yachiwiri amawonjezera 5% pa mtengo wonse, £9,250 ina pamwamba. Madam anangoti mayo ine, n'kugwira kukamwa.

Ndinakwiya ndipo ndinalankhula mokweza, sindibisa. Ndinawafunsa kuti bwanji funso limeneli likubwera sabata ya 9, titalipira kale masechi, savei (woyendera nyumbayo) ndi broker (wotipezera ngongole ya nyumba), pomwe mnyamata wanu ndinamuuza za nyumbayi m'sabata yachiwiri. Fomu yawo yoyamba inangofunsa kuti kodi ndinu first-time buyer, eya kapena ayi, popanda kufotokoza kalikonse, ndipo munthu aliyense wakwathu angachonge eya chifukwa kuno sanagulepo. Anamuitana mnyamatayo, iye n'kunena kuti sakukumbukira. Mayi aja anatsegula fayilo pamaso pathu ndipo zinalimo, ndi dzanja lake, pafupi ndi mawu a Mukuru. Mnyamatayo sanapepese. Anangoyang'ana pansi n'kutuluka, mpaka tsiku lotenga makiyi sanandipepesepo, ndipo nyenyezi ziwiri zachoka chifukwa cha iyeyo.

Usiku umenewo ndinafunsa pa gulu lathu la WhatsApp ndipo anthu angapo anati akulu mukanangokhala chete, a HMRC adzapita liti ku Area 36. Mawa lake ndinawaimbira mayi aja n'kuwafunsa molunjika ngati sitingangoiwala zimene ndinanena. Anakana osazungulira. Anati amva kale, sangatumize fomu ya msonkho akudziwa kuti muli bodza, ndipo sayini imene ili pansi pake ndi yanga, zikadzadziwika ndalama adzafuna kwa ine ndi chindapusa chomwe. Ndinadula foni ndili ndi mkwiyo, ndinaona ngati akungodziteteza okha. Pano ndikaganiza mofatsa, ife amene tikadali pa viza ndipo tikudikira mapepala okhazikika, nkhani yonama pa msonkho si yoti uyisewere nayo, ndipo anthu a pa gulu aja sakanadzakhalapo tsiku la kalata.

Apa ndiye pamene ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa kuyambira tsiku limenelo fayilo anaitenga okha ndipo zinthu zinasintha. Anatiuza kuti 5% ija sigwira ngati nyumba inayo mtengo wake sukufika £40,000, koma pafunika umboni wolembedwa osati mawu anga. Mng'ono wanga anathamanga ku Lilongwe kupeza munthu wovomerezeka woyesa mitengo ya nyumba, anapita kukajambula, kuyeza, lipoti linatuluka m'masiku 6 lili ndi chidindo. Mayi anga anachita mantha poona anthu akuyeza nyumba, ankaganiza kuti ndikufuna kuigulitsa iwo ali momwemo, ndinachita kuwaimbira katatu kuwatsimikizira kuti amayi palibe amene akukuchotsani. Mtengo unabwera m'makwacha, ndipo chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 ukausintha kupita ku mapaundi unatsika pansi ndithu pa malire aja. Loya uja anawerenga lipotilo tsamba ndi tsamba, kufunsa za deti, kusunga kope mufayilo kuti mwina adzafunse mtsogolo. £9,250 inachoka pamutu pathu. Anaonanso chinthu chimene ine sindikanachidziwa, kuti Lifetime ISA amayang'ana munthu payekha, ndiye ya madam, amene dzina lawo silili pa nyumba ya kumudzi ndipo sanakhalepo ndi ina, inagwira ntchito yonse ndi bonasi yake.

Panatsala dzenje la £3,700, ndiye kuti £1,200 ya msonkho ndi £2,500 imene anandidula pa ISA. Anzathu a chipereganyu chomwe chija mnyamata ankachiseka anasinthana nane mwezi kuti ndilandire msanga, yotsalayo tinakanda m'maovataimu. Ndinkaopa kuti ndalamazo zikalowa tiyambiranso mafunso aja, koma mayi aja anangoti aliyense alembe kakalata kosayina ndi tsamba la sitetimenti losonyeza kuti zachoka kwa iye, anati anazionapo kwa makasitomala ena a mayiko ena ndi mayina ena, basi, nkhani inatha m'masiku awiri. Chinthu chomwecho mnzawo anatisungira nacho masabata atatu.

Ubwino wina wa loya wa m'dera lomwelo ndinauona pa sechi ya migodi. Stoke yonse pansi pake ndi maenje a malasha akalekale, ndipo iwo misewu yake amaidziwa pamtima, atangoona adiresi anati mbali imeneyo tiyang'anitsitse, lipoti linabwera loyera ndipo anatifotokozera pa mapu osati kungotitumizira masamba 20 a Chingerezi cha maloya. Nambala ya akaunti yotumizira dipoziti anatipatsa papepala pamanja, n'kunena kuti mukadzalandira imelo yoti yasintha musatumize ngakhale kakobiri, imbani kaye. Wogulitsa anali atayamba kuopseza kuti abwezera nyumba pamsika chifukwa cha kuchedwa, ndipo kuno exchange isanachitike aliyense akhoza kuchoka popanda mlandu, mayi aja anaimbira loya wa mbali inayo okha n'kutipezera masabata atatu.

Pa bilu yomaliza anachotsapo £200 chifukwa cha zimene zinachitika. Ine ndikuona kuti ndi yochepa, chifukwa akanafunsa funso limodzi lija sabata yoyamba tikanakonzekera modekha, mwinanso ISA yangayo ndikanaisiya mpaka ndidzafike zaka 60 n'kudikira miyezi ingapo kusunga ndalama zina, m'malo moithyola mothamanga. Ndinalemba kalata yodandaula ku ofesi yawo, anayankha m'masabata awiri kuti asintha fomu yawo yoyamba ija. Ndinaganizako zopita kwa Legal Ombudsman, ofesi yomva madandaulo okhudza maloya, koma madam anati bambo a mwana zisiyeni, msonkhowo tikanalipirabe ngakhale akanatiuza tsiku loyamba, ndipo pamenepo akunena zoona.

Kodi ndingatumizeko munthu? Eya, koma pokhapokha mukanene pa tsiku loyamba kuti mukufuna fayilo yanu igwiridwe ndi loya mwini wake ndipo akulembereni zimenezo. Ndipo musadikire kuti akufunseni, nenani nokha za nyumba iliyonse imene ili m'dzina lanu kumudzi, ngakhale ija munagawana ndi abale bambo atamwalira, ngakhale mukuiona ngati kanyumba chabe. Completion, tsiku lomaliza kulipira n'kutenga makiyi, inachitika Lachisanu, foni yoti ndalama zafika inabwera cha m'ma 2 koloko masana ndipo anaimba mayi aja okha. Sabata yatha ndinadutsako kukafunsa za kalembera wa ku Land Registry, ofesi ya boma yolemba eni nyumba, amene sanatulukebe, ndinamupeza mnyamata uja ali pa desiki yomweyo akulandira banja lina lachinyamata, mkazi atanyamula khanda. Ndinadikira panja mpaka atuluke n'kuwauza kuti akapemphe kuonana ndi mayi aja.