K18,000 yonse kuti ndikaone chigoli cha Ethiopia

Ndaona uthenga ukuzungulira m'magulu a WhatsApp kuno ku Kasungu kuti mkulu wa kosta uja wayambanso kulemba mayina a anthu ofuna kukaonera Flames ku bwalo la Bingu ku Lilongwe, mayendedwe, tikiti ndi chakudya zonse pamtengo umodzi. Anthu atatu andifunsa kale kuti popeza ndinapitako naye, zimakhala bwanji. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndilembe pano. Dzina sinditchula, amene mumadutsa padepoti mukumudziwa.

Ine ndinapita naye pa 5 June 2022, tsiku limene Malawi inasewera ndi Ethiopia m'mipikisano yodzigulira malo ku AFCON. Linali Lamulungu. Mtengo unali K18,000 ija munthu mmodzi, ndipo mwana wanga wa zaka 11 anamulipiritsa yonse, ati mpando sudziwa msinkhu. Sindinatsutse. Fodya anali atagulitsidwa ku Chinkhoma, kangachepe kanalipo, komanso mwanayu ndinali nditamulonjeza kuyambira Januwale, usiku umene Gabadinho Mhango anaponya mpira uja ali kutalitali goloboyi wa Morocco n'kungouona ukugwera muukonde, ku Cameroon. Kuchokera tsiku limenelo m'nyumba mwanga simunkamvekanso dzina lina. Mwana ankati akufuna akamuone Gaba ndi maso, osati pa kanema wa m'shedi ya vidiyo.

Pangano linali lonyamuka 8 koloko m'mawa. Mpira 3 koloko masana. Kuchoka pa Kasungu kufika ku Lilongwe ndi makilomita 130 kapena kucheperapo pang'ono, ndiye ngakhale ndi maenje a mu M1 nthawi imeneyo, munthu ukanafika, kudya, kuzungulira bwalo n'kukhala pansi osewera asanatuluke. Ife tinafika padepoti 7 isanakwane. Kosta inanyamuka 11 itadutsa. Chifukwa chake? Mipando isanu inalibe anthu, ndiye mkuluyo anayamba kuitanira ngati basi wamba. Tisanatuluke n'komwe m'tauni anaimirira kutsogolo n'kunena kuti aliyense awonjezere K2,000 poti kwacha yagwa. Zoona, kwacha inali itangotsitsidwa kumene ndi 25 peresenti kumapeto kwa May, tonse tinkadziwa, koma ndalama zathu anatenga zitachitika kale zimenezo. Wina kumbuyo anati, "Akulu, kodi yagwanso usikuwu?" Anthu anaseka, ndipo tinapereka. Ukakhala utavala kale malaya ofiira, mbendera ili m'manja, mwana ali pambali, sungatsike.

Kuyambira pamenepo ulendo wa masapota unasanduka matola. Pa Chinkhoma anakweza matumba a mtedza mpaka pakanjira kodutsa. Pa Madisi, mayi wa mabeseni. Pa Mponela ndiye tinakhala kupitirira ola, mkuluyo atalowa kuseri kwa magolosale ati akukatenga chakudya chathu. Chakudyacho chinali tchipisi chozizira m'majumbo ndi kabichi pang'ono, nyama ya nkhuku imene analemba pa uthenga sitinaione. Nkhani ya chakudya ithere pomwepo.

Penate yoyamba tinaimvera pa wailesi ya dalaivala tili cha ku Kanengo. Mphindi khumi zokha mpira utayamba, Gaba wagoletsa. Anthu m'kosta anakuwa, ena kumenya denga, koma mwana wanga sanakuwe. Anangondiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ababa, ndiye kuti ayamba osatidikira?" Ndinasowa choyankha.

Tsopano chimene chandilembetsa ndi cha pageti. Titatsika, aliyense anatambasula dzanja kuti alandire tikiti, ndipo m'pamene tinadziwa kuti mkuluyo analibe ngakhale imodzi m'thumba. Ati anatumiza ndalama kwa mnyamata wake wa ku Area 25 kuti agule n'kutidikira panja. Kuimba foni ya mnyamatayo, sikupezeka. Kuimbanso, sikupezeka. Anthu pafupifupi 30 titaima padzuwa, bwalo lili apo tikuliona, mavuvuzela akumveka mkati, ife tikuyang'ana munthu akupukuta thukuta foni ili kukhutu. Kenaka mkati munaphulika mfuu ina imene sindidzaiwala, pansi pakuchita kunjenjemera. Penate yachiwiri, Gaba yemweyo. 2-0. Ife tili panja ngati ogulitsa chimanga chootcha, kusiyana kwake n'kwakuti iwo anapanga ndalama.

Mnyamata uja atatulukira, akuthamanga ndi envelopu, anthu athu anamulumphira ngati nkhuku pa madeya. Matikiti anakwana, pamenepo sindinama. Koma tangoganizani gulu la anthu okwiya, ochedwa, ena atalawako kale, onse akuthamangira khomo limodzi pamodzi ndi ochedwa ena amene tinawapeza pamenepo. Mzere unasweka. Ine ndinagwira dzanja la mwana, ndipo kamphindi kena ndinamva kuti zala zake zikuterereka. Kumbuyo akukankha, kutsogolo kuli chitsulo. Ndinamva mawu ake pansi penipeni, cha m'chiuno mwa anthu, akuti "Ababa!" koma nkhope sindinkaiona.

Amene mukukumbukira pa 6 July 2017 mukudziwa chimene chinabwera m'mutu mwanga. Pa mageti a bwalo lomweli, tsiku lokondwerera zaka 53 za ufulu wodzilamulira, anthu anadikira kuyambira m'mamawa kuti akaonere Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers, mageti anachedwa kutsekulidwa, anthu anakankhana, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, ndipo anthu 8 anafa populidwa ndi mapazi a anzawo. Mwa iwo 7 anali ana. Bwalo linali lisanathe n'komwe miyezi isanu ndi umodzi chilitsekulireni. Mayi ake a mwanayu anandikumbutsa nkhani imeneyi usiku woti mawa tinyamuka, ine n'kuwauza kuti musadandaule, tikalowa m'mawa anthu asanachuluke, ndalipira ulendo wadongosolo. Mawu amenewo ndi amene ankalira m'makutu mwanga nditapanikizika pachitsulo paja.

Zathu sizinafike pamenepo, ndipo sindikufuna kukokomeza. Kunali kukankhana kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo oyang'anira pakhomo anagwira ntchito yawo, anakuwa, anabweza anthu, mzere unabwerera. Iwo ndilibe nawo mlandu. Mlandu wanga uli ndi munthu amene anatenga ndalama za anthu sabata yathunthu ulendo usanachitike, n'kukafikitsa ana pageti nthawi imene aliyense wapenga.

Koma amene anandichotsera mwana pansi paja ndi kondakitala wa kosta yomweyo. Mnyamata amene ndinakangana naye njira yonse, amene anaika thumba la mtedza pamiyendo panga pa Chinkhoma n'kundiuza kuti "madala, sunthani pang'ono, si ndege iyi." Sindikudziwa kuti anamuona bwanji. Ndinangoona mwana akukwera m'mwamba, wakhala pamapewa pa munthu, nsapato imodzi palibe. Mnyamatayo anaika chigongono kutsogolo n'kumakuwa kuti "pali mwana apa, pali mwana!" mpaka tinadutsa. Titalowa anamutsitsa, anamupukuta kumaso ndi malaya ake, n'kubwereranso kukasaka nsapato. Anaipeza, yopondedwa, yakuda ndi fumbi. Ndinatulutsa K1,000 kuti ndimupatse, anakana, ati "mugulireni mfanayu Fanta." Ndinachita manyazi ndi mawu amene ndinamunenera pa Madisi.

Ndiye tinakwera masitepe aja, n'kutulukira pamwamba. Apa ndinene zoona, mkwiyo unayamba kusungunuka ndisanafune. Ine mpira ndinakulira kuonera pa Kasungu Stadium, ndinalowako pa Civo, ndipo kamodzi ndili mnyamata amalume ananditengera pa Kamuzu Stadium ku Blantyre. Koma ichi ndi china. Mipando yopitirira 40,000, yoti munthu aliyense ali ndi wake, osati kukhala pasimenti yotentha. Kapinga wobiriwira pakati pa mwezi wa June pamene kwathu udzu wonse wauma. Kanjira kothamangiramo kakuzungulira bwalo lonse, denga likubwera ngati mapiko mbali ziwiri. Mwana anaima chilili, nsapato ili m'manja, pakamwa pali yasa. Anandifunsa kuti anamanga ndani. Ndinamuuza kuti ndi akampani a ku China, ndi ngongole ya ku China komweko ya madola pafupifupi 70 miliyoni, imene iyeyo adzathandize kubweza akadzayamba kudula msonkho. Anafunsanso ngati Bingu amabwera kudzaonera mpira pabwalo lake. Ndinati ayi, a Bingu wa Mutharika anamwalira mu April 2012 bwaloli lisanaime, anadzalitsekula ndi ang'ono awo a Peter mu Januwale 2017. Mwana anaganiza kaye, n'kunena kuti "ndiye iwonso anachedwa." Bambo wina amene anakhala kutsogolo kwathu anaseka mpaka kutsamwa ndi nzimbe.

Tinakhala pansi chigawo choyamba chikupita kumapeto. Gaba tinamuona, ameneyo tinamuona ndithu, akuthamanga, akukweza manja, akukangana ndi oyimbira. Mwana ankamuloza ndi chala ngati ine sindikumuona. Koma chigoli chimene maso athu anaona tsiku lonselo ndi chimodzi, penate ya Ethiopia m'chigawo chachiwiri. Mpira unatha 2-1, zigoli zonse zitatu za penate, ziwiri zathu ndinazimvera pa wailesi ndi kuseri kwa mpanda. Ndinalipira K18,000 kawiri, kuonjezapo K4,000 ya kugwa kwa kwacha, kuti ndikaone mlendo akugoletsa. Anzanga a ku shedi ya vidiyo amene analipira K200 anaona zonse, ndi kubwereza komwe.

Chomwe chinandipweteka china n'chakuti patangotha masiku anayi, pa 9 June, Ethiopia yomweyo inasewera ndi Egypt pabwalo lomweli ngati kwawo, poti mabwalo a kwawo sanavomerezedwe ndi CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa, ndipo inawina 2-0. Mkulu uja anatumizanso uthenga kuti amene akufuna apite. Sindinayankhe. Kuyambira nthawi imeneyo bwaloli laona zambiri. Masewero a achinyamata a maiko a kumwera kwa Africa, a Region 5, anachitikira pomwepo mu December 2022. Mu March 2023 Mohamed Salah anabwera ndi Egypt n'kutikwapula 4-0, tsiku limenelo ndinathokoza kuti ndinatsala kunyumba. Mu June 2024 Kenya nayo inabwereka bwaloli n'kugwira Ivory Coast 0-0, ndipo mwezi womwewo, pa 16, anthu anadzaza masitandi omwewo osati kudzachemerera koma kudzalira maliro a a Saulos Chilima. Nthawi zonsezi ndikaona bwaloli pa kanema, maso anga amafuna khomo lija ndi malo amene tinakhala.

Pobwerera zinayenda bwino, ndinene chilungamo. Dalaivala samamwa, samathamanga, ndipo anadikira mpaka munthu womaliza atakwera, ngakhale awiri amene anasowa kwa theka la ola akusaka mowa. Matola kunalibe. Kosta ndi yabwino, matayala abwino, magetsi onse akuyaka, zimene si zachizolowezi pa msewu umenewu usiku. Tinafika pa Kasungu cha m'ma 9, ndipo amene timakhala kutali ndi depoti anatitula pafupi ndi kwathu osalipiritsa. Mkuluyo ndiye sananene ngakhale "pepani" mmodzi. Anakhala kutsogolo njira yonse akuimba nyimbo za chipambano ngati wagoletsa ndi iyeyo. Nditamufunsa za nkhuku ndi K2,000 ija anati, "Achimwene, koma tawina." Mpaka lero tikakumana pamsika amandipatsa moni wa manja awiri, ine ndimayankha ndi limodzi.

Ndiye kwa amene mukundifunsa: galimoto ndi dalaivala ndikuwapatsa nyenyezi zinayi, kondakitala uja zonse zisanu ngati akadali pomwepo, mwini wake imodzi, ndipo imodziyo ndi ya matikiti oti sanali abodza. Mukafuna kupita naye pitani, koma tikiti akupatseni m'manja muli pa Kasungu pompano injini isanalire. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa kwa mnyamata wa ku Area 25 ndi wa mphepo. Mugwirizane kuti ikakwana 8 mipando yopanda anthu ipite yopanda anthu, ndipo mutenge chakudya chanu. Ngati muli ndi mwana ndipo mwafika mpira utayamba, musathamangire khomo limene aliyense akuthamangira, imani pambali mpaka mzere ukhazikike, chigoli chikupiteni.

Mwana wanga tsopano ali ku sekondale, ndipo uthenga wa mkuluyo wauona iyenso pa foni ya mayi ake. Kachidutswa ka tikiti ya tsiku lija akusungabe mu Baibulo la agogo ake. Dzulo anandiuza kuti ulendo uno tikakwere basi ya m'mamawa patokha, tikalowe mageti akangotsekula, ndipo akufuna akhale kuseri kwa golo kuti penate ikapezeka aione pafupi.