Kuletsa chitetezo kapena kukonza myelin?

Pa matenda a multiple sclerosis, chitetezo cha m'thupi chimawononga myelin, chikuto cha mitsempha chonga pulasitiki wokuta waya wa magetsi. Njira yoyamba yothandizira odwala ndi kuchiletsa chitetezocho ndi mankhwala monga interferon beta, amene analoledwa ku America mu 1993. Ndi mankhwalawa, matenda sabwerera pafupipafupi, koma pamene pawonongeka kale mankhwalawa sakonzapo.

Yachiwiri ndiyo imandikoka mtima: kudzutsa maselo a OPC, maselo osakhwima amene amadzasanduka opanga myelin, omwe ali kale mu ubongo, kuti akhwime n'kukutanso mitsemphayo. Kafukufuku wa ku San Francisco, wofalitsidwa mu 2017, anayesa clemastine, mankhwala akale a ziwengo, pa odwala 50. Uthenga wochokera m'maso kupita ku ubongo unafulumirako, pang'ono zedi, ndipo ena ankamva kufooka. Njirayi ikadali yoyesera, choncho wodwala asasiye mankhwala amene adokotala anamupatsa.