Khoma, waya kapena ngalande: chimene chingateteze sitima ya ku Everett ku zigumukire

Mvula ya Novembala ikangoyamba kuno ku chigawo cha Washington ku America, foni yanga siipuma. Anzanga amene timakwerera limodzi sitima ya Sounder kuchoka ku Everett kupita ku Seattle amafunsa zomwezo chaka ndi chaka: ndalama zija zinalowa m'makoma a m'mbali mwa njanji, nanga sitima ikuimiranji dothi likagumuka? Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi.

Njanjiyi ndi ya kampani ya BNSF, ndipo pakati pa Everett, Mukilteo ndi Edmonds ndi yopanikizika: uku nyanja ya Puget Sound, uku zitunda zotsetsereka, nyumba zili pamwamba. Zitundazo pamwamba ndi mchenga, pansi dongo. Madzi amalowa mumchenga mosavuta, akafika pa dongo amasowa kolowera, basi dothi lonse n'kuyamba kutsetsereka. Kwathu tikadangoti napolo wadutsa. Mu Disembala 2012 dothi lotere linagwetsa mabogi a sitima ya katundu pafupi ndi Everett.

Waya wochenjeza, amene amamangidwa m'mbali mwa njanji, sinditayapo nthawi. Dothi likaudula, magetsi a panjanji amafiira, woyendetsa n'kuima. Moyo amapulumutsa, koma kuntchito uchedwabe.

Makoma ndi amene anthu amawaona pawindo n'kumawatama. Boma la Washington, kudzera ku WSDOT, nthambi yake yoona za mayendedwe, linalandira madola oposa 16 miliyoni kuchokera ku boma lalikulu la America, n'kumanga makoma ogwira dothi ndi kukonza ngalande pamalo amene ankagumuka kawirikawiri. Ntchito inagwirika, sindikana. Koma khoma limangowakha zimene zagwa kale. Kuseri kwake kukadzaza kumafunika kufukula, ndipo chitunda chikasankha kugumukira mamita ochepa kutsogolo, pamene palibe khoma, zonse zabwerera pakale.

Tsono lamulo la maola 48, lomwe ndi limene limatilowa m'thumba. Dothi likatseka njanji, sitima zonse zonyamula anthu, kaya Sounder, Amtrak Cascades kapena Empire Builder, zimadikira masiku awiri athunthu, pamene za katundu zimatha kuyambiranso njanji ikangoyeretsedwa. Chifukwa chake n'chomveka: chitunda chimene chakhuta madzi sichigumuka kamodzi. Ndipo pakagumukanso kwina maolawo asanathe, kuwerenga kumayambira pa 1. Ine lamuloli sindilimbana nalo, bola kuchedwa kusiyana n'kukwiririka. Koma mtengo wake sulembedwa pa tikiti. Umadzuka kudakali mdima, kukathithikana m'basi pa msewu wa I-5, galimoto zikukwawa ngati nkhono. Sabata ina ndinafika kuntchito mochedwa masiku atatu otsatizana, ndipo ife olipidwa pa ola, maola amenewo anapita osabwereranso. Chiyambire Ogasiti 2024, pamene sitima ya magetsi ya Link yochokera ku Seattle inayamba kufika ku Lynnwood, zinapepukako, chifukwa basi umaitsikira panjira n'kukwera sitimayo. Komabe ulendo wa m'mbali mwa nyanja uja, wokhala pansi khofi ali m'manja, sungaufanizire ndi kusinthasintha kumeneku.

Ine voti yanga ili pa ngalande, ndipo pamenepa ndili ndi kamangawa. Tsiku lina ndinakayenda pamwamba pa zitundazo. Ndinaona paipi yochokera padenga la nyumba ina ikulavulira madzi m'mphepete mwenimweni mwa phompho, pambali pake mulu wa udzu wotchetcha ndi nthambi zotayidwa, mitengo itadulidwa kuti eni ake azionera bwino nyanja ali pakhonde. Zinyalala zonyowazo zimalemetsa dothi ndi kupha zomera zomwe mizu yake imaligwira. Madzi omwewo atatsekeredwa m'paipi mpaka kutsika nawo pansi, dongo lija silikadakhala loterera chotero.

Ngalande ndi yokhayo imene imalimbana ndi gwero la vuto. Zina zitatuzi zimadikira kuti dothi liyambe lagwa. Kuipa kwake n'kwakuti malo ambiri apamwambapo ndi a anthu, si a njanji kapena a boma, ndiye zimadalira mwini nyumba kumva ndi kutulutsa ndalama zake pa chinthu chokwiriridwa pansi chimene alendo ake sadzachiona.

Choncho anzanga, mukandifunsanso: ngalande poyamba, khoma pachiwiri, waya akhalepo ndithu. Ine kuyambira Novembala mpaka Malichi ndimayamba ndaona uthenga wa pafoni ndisanavale nsapato, khadi lolipirira ulendo la ORCA lili ndi ndalama za basi.